Ombwe pa nkhupakupa za ng'ombe: alipo anayesapo?

Mbewe wa ku Domwe

Moni nonse alimi anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira mwezi wa Febuluwale.

M'khola mwanga munali ng'ombe 11, zathu zomwe zino za Angoni za linunda. Lero zatsala 9. Loyamba kupita linali thole la miyezi isanu, mwana wa ng'ombe yofiira imene ana anga amaitcha Maluwa. Linayamba kumangoima lokha pakona pa khola, makutu ali lende, osafunanso kuyamwa. Nditaligwira ndinapeza patsinde pa khutu patatupa ngati mwanabere, kukula kwake ngati dzira la nkhuku, kutsogolo kwa phewa chimodzimodzi. Kenaka misozi, kupuma kwa wefuwefu, pomaliza thovu m'mphuno. Nditapinda khutu lake kuti ndione mkati ndinachita kugwira pakamwa: nkhupakupa zofiirira zitathithikana mpaka kudzenje, khutu lonse lili nkhanambo zokhazokha.

Sabata zitatu zisanathe anagwa mfule wanga wa ngolo, zizindikiro zake zomwezo. Apa ndiye mtima unandiwawa zedi, chifukwa ndi amene ankanditutira mbatata kuchoka kudimba ndi chimanga kuchoka kumunda. Mnzake watsala yekha, goli lili pakhonde, ndipo kukolola kuli pafupi.

Sindibisa, penanso ndinalakwa ndi ine. Thanki ya dipi ya kwathu kuno inasweka nthawi ya nkhondo ya kuno ku Mozambique, pano mwamera tsekera, ndiye aliyense amadzipoperera yekha ndi pampu ya kumsana. Mankhwala enieni amapezeka ku Vila, ku Ulongwe, ndipo ukaphatikiza mtengo wa botolo ndi wa njinga yamoto umapeza kuti ndowa zingapo za chimanga zapita. Ndiye mu Disembala ndinagula pamsika kwa munthu wina amene amathira m'mabotolo a zakumwa, opanda pepala lililonse. Anandiuza kuti kachivindikiro kamodzi pa pampu. Ndinapopera katatu, nkhupakupa osagwa ngakhale pang'ono. Kaya anali osungunula ndi madzi, kaya anali otha mphamvu, mwini wake ndiye akudziwa. Ine ndinangotaya ndalama ndi ng'ombe ziwiri.

Chimene chandibweretsa pano ndi ichi. Tinathawira ku Dedza ine ndili kamnyamata, ndipo titabwerera mu 1993 tinapeza khola lili mitengo yokhayokha, ng'ombe zonse zinapita ndi nkhondo. Malemu bambo anga anayambiranso ndi ziwiri zazikazi, ndipo zonse ndili nazozi ndi zidzukulu za ziwiri zimenezo. Nthawi imeneyo kunalibe sitolo ya mankhwala. Ndimakumbukira bwino bambo akusinja masamba a ombwe, ena mumati mthuthu, mumtondo wakale wong'aluka, n'kumasambitsa mathole ndi nsanza madzulo. Ine ndinali wa kubusa, ntchito yanga inali kugwira mwendo basi, muyezo wake sindinaufunse. Lero ndikanawafunsa, koma anatisiya.

Ombweyo ndili naye malo awiri. Wina anatsalira pamalo pomwe panali khola la bambo, amangodzimerera chaka ndi chaka. Wina ndinabzala m'malire mwa munda zaka zitatu zapitazo pofuna kubwezera chonde m'nthaka.

Ndiye amene munayesapo ndithandizeni. Masamba ochuluka bwanji pa madzi ochuluka bwanji? Kangati pa mwezi? Nanga ng'ombe yoyamwitsa, mkaka wake ana angamwe? Ndipo kodi ndingasiyiretu ogulawa, kapena ndikhala ndikudzinamiza? Ndikufuna yankho la munthu amene anagwira ndi manja ake, chifukwa zongomva ndamva zambiri.

Nangozo wa ku Tsangano

Pepani a Mbewe, pepani ndithu. Mfule wa ngolo ndi dzanja la pakhomo, akafa zonse zimaima. Ine amuna anga atamwalira anandisiyira ng'ombe 6 ndi ana asukulu, ndalama ya dipi mlungu ndi mlungu sindikanaikwanitsa. Dzinja lino ndi lachisanu ndi chimodzi ndikugwiritsa ntchito ombwe. Ndikuuzani mmene ndimachitira ine, ena adzawonjezera.

Ndimathyola masamba okhaokha, osati mitengo yake, m'mawa mame atauma. Makilo awiri pa ndowa ya malita 20. Poyamba ndinkayeza pa sikelo ya mbatata, pano ndinazolowera, ndi lichero langa lalikulu lodzaza bwino motsendereza. Ndimasinja mpaka afewe ngati chigwada chophika, n'kuthira m'ndowa, n'kuperekeseramo kachidutswa ka sopo wochapira kofanana ndi bokosi la machesi. Sopoyo musamuiwale. Ubweya wa ng'ombe uli ndi mafuta, madzi opanda sopo amangotsetsereka n'kugwera pansi osafika pakhungu pomwe pali nkhupakupa. Ndikatero ndimavindikira, n'kuika m'nyumba yosungira makasu usiku wonse ndi usana wake, padzuwa ayi. Mawa lake madzulo ndimasefa kawiri pa chitenje chakale. Mukasefa kamodzi kamwa ya pampu imatsekeka, mudzataya nthawi mukuchokocha ndi minga ng'ombe zikukuthawani.

Mtondo wake ukhale wake wokha, ndowa yakenso yokha. Za kukhitchini zisayandikire. M'manja ndimavala majumbo, kukamwa ndimamanga mpango, chifukwa madziwo amayabwa pakhosi ukawapuma.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi apa: amapopera pamsana pokha ngati akuwaza madzi pabwalo posesa. Nkhupakupa zambiri sizikhala pamsana. Zili m'makutu, m'khwapa, kunsi kwa mimba, pakati pa miyendo ya kumbuyo, pansi pa mchira ndi kunsonga kwa mchira komwe kuli ubweya wautali. Ine ndimayambira kumiyendo kukwera m'mwamba, mosemphana ndi ubweya, mpaka ng'ombe ichite kudontha. Ndowa imodzi imandikwanira ng'ombe zinayi zazikulu, ndiye inu ndi 9 zanuzo konzani ndowa ziwiri ndi theka. M'makutu pampu sindiidalira, ndimaviika nsanza n'kupukuta ndi dzanja khutu lililonse.

Dzinja lonse ndi Loweruka lililonse madzulo, osadumphitsa ngakhale kuli ukwati. Januwale ndi Febuluwale ndimabwerezanso makutu okha Lachitatu. Mvula ikagwa zitangopoperedwa kumene, ndiye kuti ntchito yapita pachabe, mawa ndibwereze. Chilimwe kawiri pa mwezi, ndipo pamenepo ndimagwiritsa ntchito masamba amene ndinayanika pamthunzi n'kusunga m'thumba.

Musayembekezere kuti zizingoyoyoka pompo ngati mmene amachitira mankhwala a m'botolo akakhala enieni. Tating'ono timafa msanga. Zapakati zimafota patapita masiku awiri kapena atatu, ukazikhudza zimathothoka zouma. Koma zija zakhuta kale magazi, zonga nsatsi zija, zambiri zimagwa zamoyo n'kukaikira mazira m'khola. Zimenezo ana anga amazitola m'kachitini ka parafini. M'mawa ng'ombe zisanatuluke ndimatsegulira nkhuku zilowe m'khola, zimatola bwino kwambiri, kupatula tsiku lotsatira kupopera.

Za mkaka: mawere sindipopera, ndimachotsa nkhupakupa ndi dzanja, ndipo ndisanakame ndimatsuka ndi madzi ofunda oyera. Thole ndimalipatula mpaka mayi wake aume. Ana anga amamwa, palibe chinawachitikirapo.

Chinthu china, poti mwati muli ndi ombwe malo awiri. Si ombwe yense amene ali ndi ukali. Mlamu wanga anatenga mbewu kwina, anasinja ndi mphamvu zake zonse miyezi iwiri, nkhupakupa zikungonenepa, mpaka anayamba kunena kuti ine ndimathiramo zina mobisa. Yesani kaye musanavutike. Tolani nkhupakupa zosakhuta, muziviike pang'ono m'madzi a ombwe wa malo oyamba n'kuziika m'kachitini, zina m'madzi a wa malo achiwiri, zina m'madzi wamba. Vindikirani ndi kansalu, mawa ndi mkuja mukaone zimene zikuyendabe.

Ndipo chonde pampu musakatsukire kumtsinje. Mphwanga wina anatero ku kamtsinje ka kumunsi kwathu, m'mawa timatemba tonse tili mimba m'mwamba, ndipo ndinakayankha kwa amfumu ndine.

Mnyamata wa ku Furancungo

Amalume, bwanji mukuvutika ndi kusinja masamba pamene fodya alipo? Kuno ku Macanga tikamaliza kusankha ndi kumanga mabelo, zinyenyeswa zimangotayidwa m'chigafa. Ine ndimawiritsa zimenezo ndi sopo, zikazizira n'kusambitsa ng'ombe, nkhupakupa zimafa tsiku lomwelo. Pansi pa mchira ndimapaka oilo wakutha wa njinga yamoto. Zikuluzikulu za mawanga zija anzanga ena amadonthezera utomoni wa nkhadze. Zonsezi n'zaulere. Kungoti kamodzi thole lina linatuluka dovu n'kumanjenjemera nditalisambitsa, koma linadzuka lokha madzulo.

Mlangizi wa ziweto, Angonia

Bambo Mbewe, pepani ndi chitayiko chimenechi. Mayi Nangozo afotokoza bwino kwambiri, moti pa kakonzedwe ndilibe chowonjezera. Koma ndiyambe ndi inu achimwene a ku Furancungo, chifukwa zimene mwalembazi wina akhoza kuzichita mawa lomwe.

Thole lanu lija silinadwale mwangozi, linaledzera ndi chikonga cha fodya, ndipo munachita mwayi kuti linadzuka. Chikonga chimalowa pakhungu. Inu nomwe mukudziwa mmene munthu amachitira chizungulire ndi nseru akathyola fodya wonyowa ndi mame tsiku lonse. Ng'ombe yokhala ndi zilonda za nkhupakupa imamwa poizoniyo mwachangu koposa, ndipo madzi owiritsawo palibe amene angadziwe ukali wake, lero ochepa, mawa owirikiza. Oilo wakutha amaotcha khungu ndipo ng'ombe imamunyambita. Nkhadze ndiye musayerekeze: dontho limodzi m'diso la ng'ombe kapena la mwana wogwira chingwe, diso likhoza kuwonongeka. Siyani zitatu zonsezi, ndapota nanu.

Tsono kwa inu bambo Mbewe. Zimene mwafotokozazo, kutupa patsinde pa khutu ndi paphewa, kupuma movutika, thovu m'mphuno pomaliza, ndi chithunzi cha matenda amene m'mabuku athu a Chipwitikizi timati teileriose, anzathu a ku Malawi ndi ku Zambia amati East Coast fever. Kuno kumapiri a Angonia ndi Tsangano ndi amene amatitha mathole. Amabwera ndi kankhupakupa kofiirira ka m'makutu kaja. Kameneka sikakhalitsa pa ng'ombe: kamayamwa masiku ochepa, n'kugwa, n'kukafundula m'udzu, n'kukwera ng'ombe ina, katatu pa moyo wake. Kakayamwa ng'ombe yodwala kali kakang'ono, kamakapatsira ng'ombe yotsatirayo. Ndipo sikapatsira tsiku lomwe kakwera, kamayamba kulavulira tizilomboto katayamwa masiku awiri kapena atatu. N'chifukwa chake zimene amachita mayi Nangozo zobwereza makutu pakati pa mlungu ndi nzeru yeniyeni. Mukadikira masiku 14, kankhupakupa kabwera, kapatsira, kapita, inu osakaona.

Mitundu ina iwiri muidziwenso. Yotuwa mobiriwira ija imene imakhuta n'kufanana ndi nsatsi imakhala pa ng'ombe imodzi pafupifupi sabata zitatu, ndipo ndi imene imabweretsa matenda okodza magazi ndi a ndulu. Ya mawanga, ya mlomo wautali, imakonda mawere, m'khwapa ndi kumaliseche. Imasiya zilonda zakuya, imatha kuwononga bere lonse, komanso imapatsira matenda aja ng'ombe imayenda mozungulira, kugwa n'kumapalasa miyendo, mukaitumbula n'kupeza madzi atazinga mtima. Yaikazi imodzi ikagwa pansi yokhuta imaikira mazira masauzande, ndiye kachitini ka parafini ka ana a mayi Nangozo musakaone kuchepa.

Mwafunsa ngati mungasiyiretu mankhwala ogula. Yankho langa lili pawiri, ndipo mbali yachiwiriyi ndi imene ndikufuna muigwiritsitse.

Pochepetsa nkhupakupa, ombwe amathandiza ndithu. Ukali wake ndi wa gulu la rotenone, womwe uja umaledzeretsa nsomba. Dzuwa limauphwanya m'masiku owerengeka, n'chifukwa chake timapopera madzulo ndipo timabwereza pafupipafupi. Ubwino wake ndi womwewo: sakhalitsa m'nthaka kapena pa nyama. Za mlamu wa mayi Nangozo zija n'zoona, akatswiri atapima ombwe wa m'minda ya ku Malawi anapeza kuti alipo wa mitundu iwiri yofanana maonekedwe, wina ali ndi ukali umenewu, wina alibiretu. Palinso m'bale wake wina amene amagawidwa pa nkhani ya chonde, amene anthu amamusokoneza ndi ombwe weniweni. Ndiye kuyesa m'zitini kuja chitani. Zotsalira mukwirire kutali ndi chitsime, mtsinje ndi damu la nsomba, ndipo nkhumba zisafikepo.

Koma ombwe amagwira nkhupakupa ili kunja. Kachilombo kakalowa m'magazi, ngakhale mutasambitsa ng'ombe katatu pa tsiku, palibe chingasinthe. Pamenepo pakufunika jekeseni, ndipo pa teileriose ndi buparvaquone, wobayidwa masiku oyambirira. Ng'ombe ikafika potulutsa thovu, mapapo adzaza kale madzi, jekeseni nthawi zambiri sapindulanso. Ine chimandipweteka ndi chakuti anthu amandiitana tsiku lachisanu kapena lachisanu ndi chimodzi, atayesa kale zonse za m'mudzi. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi, kapezeka m'mafamasi ku Vila. Mulowetse kumatako kwa ng'ombe m'mawa dzuwa lisanatenthe. Ng'ombe yabwino imakhala pakati pa madigiri 38 ndi 39. Mukaona yapitirira 39.5 ndipo patsinde pa khutu patupa, tsiku lomwelo imbani foni kwa mlangizi wa kwanuko kapena ku ofesi ya boma yoona za ulimi ndi ziweto, ya SDAE. Ndalama imene mwapulumutsa posinja ombwe, gawo lina muisunge pa ntchito imeneyi.

Za botolo lopanda pepala lija, simuli nokha. Choopsa chake si kutaya ndalama kokha. Mankhwala ofooka, kapena enieni koma othira mochepekera kuti akhalitse, amapha nkhupakupa zofooka n'kusiya zolimba, ndipo zolimbazo ndi zimene zimaswana. Pakapita zaka mudzi wonse umadabwa kuti mankhwala ogula monga amitraz kapena cypermethrin sakugwiranso. Mukagula, gulani lomata, werengani muyezo papepala, muutsate ndendende pamodzi ndi masiku oyembekezera musanadye nyama kapena kumwa mkaka. Ine ndikanakhala inu, ndikanasunga botolo limodzi lenileni la miyezi ya Januwale ndi Febuluwale pamene nkhupakupa za m'makutu zimafika pachimake, miyezi inayo n'kumayenda ndi ombwe.

Komanso musalimbane n'kuti ng'ombe ikhale yopanda nkhupakupa ndi imodzi yomwe. Ng'ombe zathu za Angoni zimalimba chifukwa zimakumana ndi nkhupakupa zochepa zikadali mathole, thupi n'kuphunzira kulimbana ndi matenda okodza magazi ndi a ndulu. Chofunika n'chakuti zisachuluke, makamaka m'makutu. Izi ndikunena za ng'ombe zathu za makolo. Amene muli ndi za mkaka zachizungu kapena zosakaniza, zimenezo sizipirira, ombwe yekha musamudalire. Ndipo ng'ombe yogula kumsika kapena yochokera kutsidya kwa malire, ipopereni isanalowe m'khola, ikhale payokha sabata zitatu mukuiyang'anira.

Phiri wa ku Moatize

Ndawerenga zonse, zikomo alangizi. Ife kuno kuchigwa cha Revubwe kumatentha ndipo mvula ndi yochepa, ombwe ndinayesa kubzala anauma chaka choyamba. Chathu ndi nimu, ali paliponse m'misewu ndi m'mabwalo a sukulu.

Masamba a nimu ndinayesa, mphamvu yake ndi yochepa. Ukali uli m'njere. Ana amatola zipatso zakupsa zogwa pansi, timachotsa khungu, kuyanika pamthunzi, kusinja, n'kuviika usiku wonse ndi sopo monga anenera mayi a ku Tsangano. Ine ndimathira zitini ziwiri za njere zosinja pa ndowa. Nimu safulumira, a Mbewe, ndipo munthu wopupuluma anganene kuti sagwira ntchito. Chimene amachita n'chakuti nkhupakupa imaleka kuyamwa bwino, ndipo yogwa pansi imaikira mazira ochepa, ambiri osaswa. Umadzazindikira patapita mwezi kapena iwiri kuti khola lapepuka.

Vuto lathu lalikulu kuno ndi za mawanga zija. Ng'ombe yanga ina inatsala ndi mawere awiri okha, enawo anatsekeka ndi zipsera. Ukaizula mokoka mlomo umatsalira mkati, chilonda chimatukusira, ntchentche n'kuikiramo mphutsi. Ndinaphunzira kupaka mafuta a njere za nimu pamalopo n'kudikira, m'malo molimbana nayo ndi zikhadabo.

Chenjezo limodzi kwa inu a kumtunda kozizira: mtengo umene uli wambiri kwanuko ndi indya, wa maluwa ofiirira motuwa, masamba ake ofanana ndi a nimu. Si nimu ameneyo. Zipatso zake zimapha nkhumba, ndiye musamaunjike pakhomo poganiza kuti mwapeza nimu. Ngati mukufuna njere zenizeni, oyendetsa magalimoto a mbatata amene amatsikira ku Tete akhoza kukutengerani pobwerera.

Mbewe wa ku Domwe

Ndabweranso patatha sabata zitatu kuti ndikuuzeni mmene zayendera, poti munandithandiza ndi mtima wonse.

Mayi Nangozo, za zitini zija ndinachita tsiku lotsatira lomwe. Ndinatola nkhupakupa 30 m'makutu mwa mfule wotsala uja, khumi khumi m'zitini zitatu. Patapita masiku awiri, m'chitini cha madzi wamba zonse zinali kuyenda. M'chitini cha ombwe wa m'malire mwa munda, amene ndinkamunyadira chifukwa ndi wamtali ndi wa masamba ambiri, zinafa ziwiri zokha. M'chitini cha ombwe wa pakhola lakale la bambo munali zoyenda ziwiri, zinazo zitapinda miyendo. Ndinakhala pansi pakhonde chitini chili m'manja kwa kanthawi ndithu. Zitsamba zimenezo chaka chatha ndinatsala pang'ono kuzilambula kuti ndibzalepo nyemba.

Tsono vuto ndi lakuti wa bamboyo ndi wochepa, mitengo mwina 15, sangandipatse makilo asanu mlungu uliwonse osaferatu. Ndiye pakadali pano ndikumugwiritsa ntchito m'makutu, m'khwapa ndi pansi pa mchira ndi nsanza, Lachitatu ndi Loweruka. Thupi lonse ndapopera kawiri ndi botolo lomata limene ndinakagula ku Ulongwe, muyezo wake wa papepala, mwana wanga wa sekondale akundiwerengera Chipwitikizicho. Makutu a Maluwa nkhanambo zayamba kuyoyoka, ubweya ukumera. Nyemba za ombwe wa bambo zikakhwima ndizitola zonse, mvula yoyamba ndidzazinga khola lonse ndi mbewu imeneyo. Wa m'mundayo akhale wa chonde basi.

Alangizi, mawu anu anandipulumutsira ng'ombe. Kachipangizo kaja ndinagula. Lolemba la sabata yatha kang'ombe kakakazi ka chaka chimodzi kanatsalira m'mbuyo potuluka m'khola. Kale ndikanati kangofooka ndi kuzizira. Ndinakagwira patsinde pa khutu, potupa ngati nthudza. Kuyeza, 40.6. Ndinaimba foni nthawi yomweyo, mlangizi wa kuno anafika masana pa njinga yamoto n'kukabaya, anabweranso patapita masiku awiri kudzabwereza. Mbuzi imodzi yapita pa nkhani imeneyi, koma dzulo kanali kutsogolo popita kudambo, kakubudula msipu.

Achimwene a ku Furancungo, zinyenyeswa za fodya nanenso ndinali nditasunga thumba lathunthu. Ndakathira m'dzenje la manyowa.

Chimene chikundivutabe ndi dambo. Timadyetsa pamodzi makola asanu ndi awiri, ndipo ng'ombe zanga zikapita zoyera m'mawa, madzulo zimabwera ndi zatsopano. Ndinakakamba ndi amfumu, anaitanitsa eni makola pansi pa mkuyu Lamulungu. Atatu avomera kuti tizipopera tsiku limodzi ndipo apempha mbewu. Awiri akuti aone kaye zanga zikatha dzinja likudzali. Winayo sanabwere.

Funso lomaliza kwa inu mayi Nangozo. Mfule wanga uja salola kugwidwa khutu, akangoona nsanza amapukusa mutu, Loweruka anatsala pang'ono kundithyola dzanja ndi nyanga. Inu mumachita bwanji muli nokha ndi ana?

Nangozo wa ku Tsangano

Ndasangalala kumva za kang'ombeko, a Mbewe. Za mfuleyo, akumva kuwawa, makutu akadali ndi zilonda, musamukakamize pabwalo. Ine ndinazika mitengo iwiri iwiri pakhomo pa khola, kanjira kopapatiza koti ng'ombe imodzi ilowe koma isatembenuke, kutsogolo ndi kumbuyo n'kupingasa mtengo. Chingwe kunyanga, kukulunga pa nsanamira, mutu ukhale pafupi ndi mtengo. Mwana aime kutsogolo ndi gaga wothira mchere pang'ono m'beseni. Inu muime kumbali kuseri kwa nyanga, muyambe kumukanda pakhosi ndi pa linunda, kenaka patsinde pa khutu, nsanza ibwere pomaliza. Madziwo asakhale ozizira kwambiri, ndipo mufinye nsanza kuti asadonthere mkati mwa khutu. Sabata ziwiri zoyamba adzavutabe, akazolowera gagayo adzayamba kulowa yekha.

Mbewu ya bambo anuyo mukatola mundisungireko chitini chimodzi, yanga yayamba kukalamba. Mchimwene wanga amapita ku Ulongwe kawirikawiri ndi mbatata, adzakupezani kumeneko.